Msilikali Wapaulendo Amawerengedwa Pakhomo

Itzel Villareal, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anatha masiku anayi osadya nkhomaliro kusukulu. Ndinawerenga ndekha. Ndimagwira ntchito m'chipinda chodyera cha sukulu ya ana a asilikali a ku America pa kampu yathu kuno ku Germany. Ndimaima pafupi ndi makina amene ana amadinapo nambala zawo akatenga chakudya, ndipo pamenepo ndimaona matebulo onse. Dzina langa ndine Loretta Pruitt. Malemu amuna anga anali msilikali, ndipo ntchito iyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mwana wanjala ndimamudziwa ngakhale atandifulatira.

Mtsikanayu sankaima pamzere. Ankabwera ndi kabokosi ka chakudya kuchokera kunyumba, monga amachitira ana ambiri. Ankakhala kumapeto kwa tebulo n'kuimiritsa chivundikiro cha kabokosiko ngati khoma. Dzanja linkalowa, linkatuluka, kukamwa kukutafuna. Tsiku lachinayi ndinadutsa kumbuyo kwake ndi nsanza yopukutira matebulo. M'kabokosimo munali supuni yokha.

"Wadya kale?" ndinamufunsa chapansipansi.

"Eee, Mayi Loretta. Ine ndimadya mofulumira."

"Wadya chiyani?"

"Tortiya wa nyemba."

"Nanga Nico wadya chiyani?"

Nico ndi mlongo wake wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kalasi lake limayamba kudya, akuluakulu amabwera pambuyo. Ndinali nditamuona akumaliza matortiya awiri, timikate topyapyala tokulungamo nyemba, pamene ndinkadziwa kuti mayi wawo amaika mmodzi m'bokosi lililonse.

Itzel anatseka kabokosi kake. "Nico ndi mwana. Akapanda kukhuta amalira m'kalasi, anzake n'kumamuseka. Ndimamupatsa m'basi. Musawauze amayi, chonde. Iwo akuganiza kuti tonse timadya."

"Zimenezo sindingakulonjeze, mwanawe. Dzuka, katenge mbale."

Ndinamulipirira ya tsikulo: nkhuku, mpunga, apulo ndi mkaka. Koma mbale imodzi sichiritsa. Mawa lake njala imabweranso pa nthawi yake yomweyo, ndipo ine sindine boma.

Ana ataweruka ndinavula epuloni n'kupita pachipata. Munali mu Novembala, mphepo ikuluma makutu. Mayi wa anawo, Marisol, anali ataima pambali ndi khanda m'kangolo. Tsiku limenelo anabwera yekha kudzatenga ana chifukwa ankachokera ku sikelo. Ndinamuuza kuti anawo ayambe alowa m'galimoto. Kenako ndinamuuza zimene ndinaona, osakometsera.

Poyamba anakwiya. "Ana anga ndimawaphikira m'mawa uliwonse, mayi. Ndani wadandaula?"

"Palibe wadandaula. Vuto lake ndi limenelo. Mwana wanu akutafuna mphepo mwaulemu."

Anayang'ana m'galimoto. Itzel anali atawerama, akunamizira kumanga nsapato. Marisol anagwira pakamwa. Misozi inayamba.

"Kulira mukalirire kunyumba," ndinatero. "Pano tili ndi mphindi zisanu basi, kukuzizira. Bwanji simunalembetse anawa chakudya chaulere kapena chotsika mtengo?"

"Ndinalembetsa mu Ogasiti. Anandikana."

Anandifotokozera mwachidule. Anafika kuno mu Meyi kuchokera ku Texas. Kumeneko iye ankagwira ntchito kwa dokotala wa mano, kuno ntchito sanaipeze. Malipiro awiri anasanduka amodzi. Nyumba pa kampu panalibe, anapeza ya lendi m'mudzi wa makilomita khumi ndi asanu, ndipo anafunika kugula galimoto. Mu Julayi mwamuna wake, Sajeni Efrain Villareal, anatumizidwa ku Poland ndi gulu lake kwa miyezi isanu ndi inayi. Theka loyamba la mwezi ana ankagula chakudya kusukulu. Theka lachiwiri ankanyamula cha kunyumba, ndipo chinkachepa mwezi ukamapita kumapeto.

"Atakukanani munapita kukafunsa chifukwa chake?"

"Kukafunsa kwa yani? Kuno akakana, akana. Zaka khumi ndili pabanja ndi msilikali, sindinaonepo pepala likubwezedwa chifukwa mkazi wa sajeni wafunsa. Komanso bambo a Itzel anandiletsa. Akuti ndisamayendeyende m'maofesi ndi dzina lawo. Mu Malichi akukaonekera kwa akuluakulu kuti akwezedwe paudindo. Akuti zikamveka kuti akulephera kudyetsa ana awo, ndani angawapatse asilikali oti aziwayang'anira?"

Mawu amenewo ndinawamvapo kale, m'khitchini mwanga momwe, kwa malemu amuna anga. Asilikali onse anabadwa kwa mayi mmodzi.

"Ine ndimaphika, za mafomu si zanga," ndinamuuza. "Koma pali a Oakes, amene ntchito yawo ndi kuthandiza mabanja pa nkhani za sukulu. Mawa 1 koloko ndikakuperekezani. Mubweretse kapepala ka malipiro ka amuna anu ndi kalata yokukanani ija."

"Ndikangofunsa chabe. Sindikasaina kanthu."

"Kafunseni chabe. Safunsa anadya phula."

Bambo Thaddeus Oakes anakhala msilikali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anapuma ali sajeni wamkulu wa gulu. Tsopano ali ndi kaofesi pafupi ndi laibulale, komwe mpando wa alendo umadzadza ndi mapepala. Tinadziwana kalekale.

"A Loretta, mwabwera kudzapepesa za msuzi wa dzulo uja?"

"Munadya mbale ziwiri, achimwene. Chotsani mapepalawo mayiyu akhale."

Marisol anakhala m'mphepete mwa mpando, khanda lili pamiyendo. A Oakes anavala magalasi, anawerenga kalata ija, kenako anamupempha kuti atsegule pafoni fomu imene analemba mu Ogasiti. Anayang'ana kanthawi.

"Mayi Villareal, pakhomo panu mulipo angati?"

"Anayi. Ine, Itzel, Nico ndi kakhandaka."

"A Sajeni anamwalira?"

"Ayi, Mulungu asatero. Ali ku Poland."

"Munasudzulana?"

"Ayi."

"Ndiye bwanji mwawachotsa m'banja?"

Marisol anadabwa. "Fomu inafunsa anthu amene ali pakhomo. Iwo kulibe. Sakudya pakhomo, sakugona pakhomo. Kuno munthu amawerengedwa pamene waima. Ndinaopa kunama pa pepala la boma."

"Kumeneko ndi kuwerenga kwa pa perete," anatero a Oakes. "Pa perete amene kulibe, kulibe. Fomu iyi ikuwerenga banja. Msilikali amene watumizidwa ku ntchito ya kutali amawerengedwabe pakhomo pake. Mulipo asanu. Ndipo chiwerengerochi chili ndi ntchito, chifukwa banja likakhala lalikulu, malire a ndalama nawo amakwera. Inu munachotsa mutu wa a Sajeni koma thumba lawo munalisiya momwemo."

Ine ndinaseka. Marisol sanaseke.

"Chachiwiri ndi ichi," anapitiriza, akuloza pa kapepala ka malipiro ndi cholembera. "Nambala imene munalemba pa fomu munaitenga pati?"

"Apa pansi. Yophatikiza zonse."

"Ndinadziwa. Mzere uwu ndi ndalama za nyumba, zimene amakupatsani chifukwa mukukhala kunja kwa dziko. Zimakhala masiku angati m'manja mwanu?"

"Tsiku limodzi. Zimapita kwa a Frau Hollerbach, eni nyumba."

"Uwu ndi wa ndalama zoonjezera chifukwa cha kudula kwa zinthu kuno. Malangizo a fomu ya chaka chino akuti ziwirizi musaziphatikize. Akufuna malipiro enieni, ndalama za chakudya za msilikali, ndi zimene inuyo mumapeza ngati muli pantchito. Zalembedwa patsamba lachiwiri."

"Pafoni tsamba lachiwiri sindinalione. Ndinkalemba mwana ali kubere."

"Simuli nokha. Mwezi uno ndinu wachitatu. Makina oona mafomu anaona banja la anthu anayi lokhala ndi ndalama za mkulu wa asilikali, ndiye anakana. Sanalakwe. Anayankha funso limene munawafunsa."

"Ndiye ndidikire chaka chamawa?"

"Ayi. Mungathe kulembanso tsiku lililonse m'chaka cha sukulu. Kompyuta ndi iyi. Mphindi khumi ndi zisanu. Sindingakulonjezeni yankho, si ine woweruza, koma mukhala mutafunsa molondola."

Marisol anayang'ana kompyutayo, n'kupukusa mutu. "Bambo a Itzel anakana. Mu Ogasiti ndinalemba osawauza, atamva tinakhala sabata osalankhulana bwino. Munthu ali kutali, akugona m'tenti. Sindikufuna kumuchitira zamseri kachiwiri."

Ine mtima unayamba kutentha. Ndinafuna kumuuza kuti mwana sadya ulemu wa bambo ake. Koma a Oakes anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndinatseka pakamwa. Banja ndi la eni ake.

"Lamulo likulola kuti musaine nokha," anatero. "Koma ndakumvani. Amaimba nthawi yanji?"

"Akapuma masana, ngati kuli netiweki."

"Alembereni uthenga. Auzeni kuti mawa masana kuli nkhalamba ikufuna kuwalankhula."

Mawa lake ndinapempha mnzanga Gudrun kuti aime pa makina, ine n'kupita ku ofesi kuja ndi epuloni yanga. Foni inaimikidwa pa mulu wa mabuku. Sajeni Villareal anaonekera atavala chipewa cha mphepo, kumbuyo kwake kuli magalimoto a nkhondo ndi matope. Anali mnyamata wa nkhope yotopa. Ataona kuti mkazi wake ali mu ofesi, nkhope inauma.

"Mayi a Itzel, si paja tinagwirizana?"

"Tinagwirizana. Tamverani kaye bambowa."

A Oakes anadzitchula dzina ndi udindo umene anapuma nawo. Mnyamata uja anawongoka pomwe anakhalapo, ngati kuti amuona ali ndi manja m'thumba.

"Khalani bwinobwino, Sajeni, yunifomu ndinavula kalekale. Ndamva kuti mukuopa kuti fomu ya chakudya cha ana ifika kwa akuluakulu anu."

"Bwana, mukudziwa mmene zimakhalira. Pa kampu palibe chinsinsi. Munthu ukayetsemula ku chipatala, ku garaja amati pepa."

"Zoona. Koma ine ndakhala pa desiki ya sajeni wamkulu zaka zisanu ndi zitatu. Pa desiki imeneyo pankafika zambiri: amene waledzera, amene wamenya mkazi, amene wagunda galimoto ya Mjeremani. Fomu ya chakudya cha ana sinafikepo ngakhale imodzi. Siidutsa kumeneko. Imapita kwa oyendetsa chakudya cha sukulu, ndipo lamulo limawaletsa kuulula. Mkulu wanu saiona, okweza maudindo saiona."

"Nanga ana anzawo? Sindikufuna mwana wanga azilozedwa chala kuti uyo ndi wa zaulere."

Apa ndinalowererapo. "Ine ndine Mayi Pruitt, ndimagawa chakudyacho. Mwana aliyense amadina nambala yake n'kunyamula mbale yake. Mbale ndi imodzimodzi, mzere ndi umodzi. Mwana wa kaputeni ndi mwana wa sajeni onse amadandaula za nyemba zanga mofanana."

Anamwetulira pang'ono, koma sanagonje. "Ndikuthokoza, mayi. Koma ine ndimagwira ntchito. Bambo anga anatilera asanu ndi awiri osapemphapo kanthu kwa munthu. Tipirira mpaka Malichi. Ndikakwezedwa zinthu zisintha. Anawo akudya, si choncho? Mayi awo amawaphikira."

Marisol anapatsira ine khanda lija, n'kukokera mpando pafupi ndi foni.

"Efrain, Itzel sakudya."

"Akudwala?"

"Sakudwala. Chakudya chimene ndimamuikira amapatsa Nico m'basi, chifukwa Nico sakhuta. Iye amakakhala pa tebulo ndi bokosi lopanda kanthu n'kumatafuna kuti anzake asadziwe. Masiku anayi otsatizana. Dzulo ndinamufunsa, akuti anayamba mu Seputembala, mwezi ukamatha. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti tsiku limene munkanyamuka munamuuza kuti iye ndi wamkulu, aziyang'anira mlongo wake ndipo asamandivutitse."

Sajeni anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso.

"Inu mukupirira kumeneko, ndikudziwa," anapitiriza Marisol. "Ine ndikupirira kuno. Koma amene akulipira kupirira kwathuku ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Mpaka Malichi ndi miyezi inayi. Fomuyi ndilemba lero. Sindinafune kuti mumve kwa ena, n'chifukwa chake ndakuitanani."

Kumbuyo kwa Sajeni wina anaitana dzina lake. Iye anakweza dzanja osacheuka.

"Ndinamuuzadi zimenezo," anatero potsiriza, mawu atatsika. "Ndinkanena za kuwoloka msewu."

"Mwana wa msilikali amamva lamulo lonse," anatero a Oakes. "Sajeni, mukapita kutchire ndi anyamata anu, ndani amayamba kudya?"

"Anyamata, bwana. Ine ndimadya pomaliza."

"Chakudya chimenecho mumagula ndi ndalama zanu?"

"Ayi, ndi cha boma."

"Munachitapo nacho manyazi?"

Mnyamatayo anapumira m'mwamba. "Lembani, mayi a Itzel. Mundilembe inenso, ndamva kuti munandichotsa m'banja."

"Ndinakuchotsani mwaulemu," anatero Marisol, akupukuta m'maso ndi mkono.

"Madzulo mundipatse mwanayo pafoni. Ndili naye mawu."

"Musakamukalipire."

"Ndikamupepese."

Fomu inatenga mphindi makumi awiri, chifukwa khanda linalira pakati ndipo Marisol anaiwala nambala ya sukulu ya Nico. A Oakes anakhala pambali n'kumaloza mzere ndi mzere, koma zolemba zonse analemba yekha mwini wake. Anthu asanu. Malipiro enieni ndi ndalama za chakudya. Za nyumba ndi zoonjezera zija anazisiya, monga mwa malangizo.

Masiku odikira yankho sanali ambiri, koma anafunika kudya. Ndinauza Marisol za kachipinda ka pa tchalitchi cha pa kampu komwe mabanja amakatenga mpunga, mkaka ndi chiponde popanda mafunso ambiri. Anapita Lachisanu. Anandiuza kuti anapezako mkazi wa mnzake wa Efrain, ndipo onse awiri ananamizira kuti abwera kudzathandiza kulongedza. Ndinamuuza kuti anthu a pa kampu ino akanakhala kuti amalipidwa chifukwa chonamizira, bwenzi onse ali ndi nyumba zosanja.

Yankho linabwera Lachiwiri la sabata yotsatira. Itzel ndi Nico anavomerezedwa kudya kwaulere mpaka kutha kwa chaka cha sukulu. Lachitatu Itzel anaima pamzere pakati pa anzake awiri, akukangana za mphunzitsi wa masamu. Anadina nambala yake osayang'ana n'komwe. Anandiuza kuti karoti wanga ndi wofewa kwambiri. Ndinamuuza kuti akadzakhala ndi khitchini yake adzaphike wolimba, pakali pano asunthe, mzere ukudikira.

Sajeni Villareal sanasunge nkhaniyi mumtima. A Oakes anandiuza kuti pasanathe milungu itatu anafikiridwa ndi akazi atatu a asilikali a gulu lomwelo, aliyense akuti watumidwa ndi mwamuna wake kuchokera ku Poland. Mmodzi anapatsidwa chaulere. Wina anapatsidwa chotsika mtengo. Wachitatu anakanidwa, chifukwa iye ali pantchito yabwino ku chipatala ndipo ndalama zawo zinapitiriradi malire. Ameneyo anabwera kudzandidandaulira ine, ngati kuti malirewo ndinaika ndine. Ndinamuuza kuti sanataye kanthu koma mphindi makumi awiri, ndipo ntchito ikadzatha kapena akadzabereka wina, adzalembenso.

Tsono inu makolo a pa kampu, mverani, ndinene kamodzi chifukwa mapoto akundidikira.

Chakudya chaulere ndi chotsika mtengo chilipo m'sukulu zathu za kunja kuno, ndipo chinaikidwira ana a asilikali ngati anuwa. Si mphatso ya munthu, simukupempha. Lembani fomu chaka chilichonse sukulu ikamatsegulidwa, chifukwa ya chaka chatha imatha ntchito. Mukasamutsidwa kuchoka kwina, lembaninso, musaganize kuti chilolezo chimabwera m'makatoni pamodzi ndi mipando. Powerenga anthu a pakhomo, muwerenge ndi amene ali ku ntchito ya kutali. Musakopere nambala yaikulu ya pansi pa kapepala ka malipiro. Werengani malangizo a chaka chimenecho, muone ndalama zimene akufuna ndi zimene sakufuna, popeza malamulo amasintha. Ngati simukumvetsa, nyamulani kapepalako mupite nako kwa wothandiza mabanja wa pa sukulu yanu. Amalipidwa kuti muzimuvutitsa.

Mukakanidwa, funsani chifukwa chake. Kukana kwa fomu si chigamulo cha khoti la asilikali. Ndipo akuluakulu a amuna anu kapena a akazi anu sauzidwa.

Chomaliza: mwana akakuuzani kuti wadya, mufunseni kuti wadya chiyani, ndipo anadya ndi yani. Ana a asilikali amaphunzira msanga kunena kuti zonse zili bwino. Amatengera kwa ife.